Manambala a pa lezala si a makasitomala anayi

Achimwene, amene wakuuzani kuti manambala 1, 2, 3, 4 olembedwa pa lezala aja akutanthauza kuti lezala ili ndi mbali zinayi zometera wakunamizani, ndipo bodza lomwelo ine linandionetsa zakuda. Kokuthwa ndi kuwiri basi. Itembenuzeni muone, nambala ya kumaso ndi inzake ya kuseri zagona m'mphepete mumodzi momwemo. Manambalawo ndi a ku fakitale. Malezala amayamba ali lamba wautali wachitsulo, makina n'kumanola m'mphepete, kumaso ndi kuseri, asanawadule imodziimodzi. Ikatuluka yobuntha, amisiri amaona nambala n'kudziwa kuti chonolera chavuta ndi chiti. N'chifukwa chake ena alibe n'komwe manambala koma amameta bwinobwino.

Ine anandipweteka ndi mnyamata wina wa babashopu kumsika kwathu, ukwati wa mchemwali wanga utayandikira, ndipo woyankhula m'malo mwa banja ndinali ine. Atamaliza ndi mashini anasolola lezala m'dirowa, yopanda kapepala kake. Nditafunsa anati, "Madala musadandaule, iyi ndangogwiritsa 1 ndi 2, kwa 3 ndi 4 n'kwatsopano." Anayankha mosaphethira n'komwe. Anaithyola pakati n'kuyamba kupala. Abale, imene ija sinkadula, inkazula, mpaka misozi kulengeza. Pakhosi panatuluka timadontho ta magazi, iye anangopukuta ndi thonje la sipiliti lomwe linali kale patebulo.

Kutacha khosi lonse linali ziphuphu, kenako zinayamba mafinya. Usiku pilo ankamatirira kuchibwano, kudzuka kwake kumachita kumatula pang'onopang'ono. Tsiku la ukwati kolala ya shati yoyera inathimbirira tisanatuluke m'tchalitchi. Ndinaima kutsogolo ndi maikolofoni dzanja lina, lina lili ndi mpango pakhosi, azakhali kumandinong'oneza kuti, "Kodi mwatani inu, bwanji osangokhala pansi?" Zithunzi za tsiku limenelo sindizitsegula.

Kuchipatala anati matenda alowa m'mizu ya ndevu, anandipatsa mankhwala akumwa ndi opaka. Koma chimene chinandiumitsa thupi ndi pamene anati ndiyezetse HIV ndi Hepatitis B, n'kudzabweranso kudzayezetsa kachiwiri, poti kachilombo ka chiwindi kameneka kamakhalabe ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7. Kukhala pa benchi kudikira zotsatira chifukwa cha chinthu chotchipa ngati lezala! Mwamwayi zinatuluka bwino. Nditapita kukamuonetsa mnyamata uja, m'malo mopepesa anati khungu langa ndi lofewa. Lofewa! Munthu akudya ndalama za anthu, akutola lezala imodzi kumazunguliza pa makosi a azibambo tsiku lonse, n'kumanamizira manambala. Mpaka pano ndikadutsa pamalo paja mtima umandiwawa.

Tsono inu manambalawo asakuvuteni mutu. Chofunika ndi kapepala. Lezala yatsopano imakhala yokutidwa, ndipo ambiri mukatsegula mumaona timadontho ta phula toigwiriza kukapepalako. Kaya ndi Nacet, Super-Max kapena Astra, wometayo aitsegule inu mukuona, akamaliza aitaye inu mukuona. Bola mugule yanu pagolosale mupite nayo. Zolembedwa zoti Platinum kapena Stainless ndiye zili ndi tanthauzo. Chiyambire 1962 pamene kampani ya Wilkinson Sword inatchukitsa malezala osachita dzimbiri, m'mphepete mwake amakutamo zinthu zopyapyala kwambiri kuti iziterera pakhungu. Mukaipukuta ndi thaulo mwachotsa zimenezo, mwinanso mwadzicheka. Muzingoitsukuluza m'madzi, kuikutumula, n'kuisiya pouma.

Komabe kunyumba, pa lezala yanga ndekha, manambalawo ndimawatsata ndithu. Ndimaimanga m'chometera 1 ndi 2 ali kumwamba, ndikameta kangapo ndimaitembenuza, ndiye ndikaona 3 ndi 4 ndimadziwa kuti yatsala pang'ono kutayidwa. Kutembenuzako sikuinola ayi, koma kwa ine imamveka yofewerako, yesani nanunso. Ikangoyamba kukoka ndevu musaumirire, ikulungeni m'kapepala kake muiponye m'chimbudzi chokumba kapena m'kachitini kotseka, ana asaitole. Ndipo ngati ndevu zanu zimapotana n'kubwerera m'khungu, muzimeta motsata kumene zagonera, mutazinyowetsa kaye ndi madzi ofunda ndi sopo.