Kodi Akuliona Dimba Langa Ali Kunja?

FUNSO: Mwana wanga akuphunzira zaulimi ku yunivesite ku Ulongue. Tsiku lina anandionetsa dimba langa la kachewere pa foni, mpaka mtengo wa mango wa pamalire ukuoneka. Akuti kunja kumachitika misonkhano ya akatswiri amene akujambula dziko lonse pa kompyuta. Misonkhanoyi ndi ya chiyani? Sadzatichotsa pamalo athu monga anasamutsira anzathu ku Moatize chifukwa cha malasha?
Mayi wa ku Dómuè, Angónia

YANKHO: Mayi, mwafunsa bwino, ndipo nkhawa yanuyi si yopanda pake.

Misonkhanoyi ilipodi. Mu 1998 Al Gore, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko la America, analankhula za dziko lapansi loikidwa pa kompyuta, loti ngakhale mwana wasukulu azitha kuliyendera. Msonkhano woyamba unachitikira ku Beijing mu 1999, ndipo mu 2006 kunakhazikitsidwa bungwe la International Society for Digital Earth. Akakumana amakambirana za mvula, nkhalango, mitsinje ndi mbewu, ndi momwe kompyuta ingalosere za mtsogolo.

Zithunzi zambiri zimene amagwiritsa ntchito ndi zaulere. Masetilaiti (makina ozungulira dziko mumlengalenga) a Landsat anayamba kujambula mu 1972. A Sentinel-2 amabwereranso pamalo amodzimodzi masiku 5 alionse, koma kadontho kamodzi pa chithunzi chawo ndi malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, choncho inu kapena mbuzi yanu simungaoneke. Chithunzi cha mango chija n'cha mtundu wina ndipo chikhoza kukhala chakale. Muuzeni mwanayo aone ngati nkhokwe ya chaka chino ilipo pachithunzipo.

Phindu lake ife a ku Tete sitingalikane. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè. Masiku otero kumwamba kumakhala mitambo yokhayokha, koma setilaiti ya radar monga Sentinel-1 imaonabe kumene madzi afika, ngakhale usiku. Ntchito ya Digital Earth Africa, imene inayamba mu 2019, imasonyeza malo amene madzi akhala akufikako kuyambira m'ma 1980. Wofuna kumanga nyumba kudambo ayambe waona zimenezo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Kuchokera kumwamba, tsala limene mwaligoneka, msipu wa ng'ombe ndi nkhalango ya kumanda zonse zimaoneka ngati tchire lopanda mwini. Ngakhale munda wa chimanga chosakaniza ndi nyemba ndi maungu umaisokoneza kompyuta. Wina ali mu ofesi akhoza kuloza pamenepo n'kunena kuti palibe munthu. N'chifukwa chake ndikufuna ana ngati wanuyu azifika kumisonkhanoko, chifukwa yambiri imachitikira kutali ndi Africa. Mulimbikitseni, Mayi.

Mapu paokha salanda malo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, koma amene akukhalapo motsatira mwambo ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT, ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa. Boma lisanapereke malo kwa kampani, eni dera ayenera kufunsidwa.

Komabe pepala limachepetsa mikangano. Itanani anyakwawa ndi amene munagundana nawo malire, muyende nawo m'mbali monse pamodzi ndi tsala lomwe, mwanayo azilemba ngodya iliyonse ndi GPS ya pa foni. Mukatero pitani ku ofesi ya boma la Angónia mukafunse za kalembera wa DUAT.