Za digiri ya ku India ija, zaka 3 kapena 4?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mng'ono wanu akumuuza kuti digiri ku India ndi zaka 4 pomwe inu mumadziwa kuti ndi 3. Nkhaniyi yachokera pa ndondomeko yatsopano ya maphunziro yotchedwa National Education Policy (NEP 2020) imene boma lawo linavomereza mu Julayi 2020 kulowa m'malo mwa ya 1986, komiti yoilemba ankaitsogolera ndi K. Kasturirangan amene kale anali mkulu wa ISRO, bungwe la India loona za kafukufuku wa mumlengalenga.

Zonse ziwiri zilipo. Mwana akasiyira panjira atamaliza chaka chimodzi amapatsidwa satifiketi, zaka 2 dipuloma, 3 digiri wamba, 4 ndiye digiri yapamwambako yotchedwa honours ndipo ena amachitanso ndi kafukufuku chaka chomalizacho. Zomwe wakhoza zimasungidwa mu Academic Bank of Credits, kaundula wa pa intaneti wa zotsatira za ophunzira, kuti akadzabwerera asakayambirenso pachiyambi, ineyo apa mpomwe ndinawagomera chifukwa tonse tikudziwa momwe fizi imagwetsera ana anzeru.

Kusukulu za m'munsi anasinthanso, dongosolo lakale la zaka 10 kenako 2 (10+2) analisiya, pano akuti magawo anayi a zaka 5, 3, 3 ndi 4 (5+3+3+4) kuyambira mwana wa zaka 3, komanso ana aziphunzira m'chilankhulo chakwawo mpaka giredi 5 ngati n'kotheka. Koma kulemba n'kosavuta, chigawo cha Tamil Nadu chikukana zomwe NEP ikufuna zoti ana aziphunzira zilankhulo zitatu poopa kuti akufuna kuwakakamiza Hindi, ndipo 6% ya GDP (chuma chonse chomwe dziko limapanga pachaka) yomwe amati boma lizipereka ku maphunziro kuyambira nthawi ya Kothari Commission, komiti younika zamaphunziro ya m'ma 1960, sanaifikebe.

Ndiye muuzeni mng'ono wanuyo afunse kuyunivesiteko kuti pulogalamu yake ndi ya zaka zingati, aonenso ngati UGC, bungwe la boma loyang'anira mayunivesite ku India, ikuivomereza sukuluyo musanatumize ndalama iliyonse.