Mwana wanga akufuna kulowa ntchito ya a gemu, ndimulole?

Mayi wina wa ku Machinga wandilembera za mwana wake wamwamuna yemwe wakhoza MSCE. Biology ndi Geography anachita bwino, Chingerezi anangodutsa movutikira. Mnyamatayo mtima wake uli pa ntchito ya ulonda wa nyama zakuthengo ku paki ya Liwonde. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi si kukaphedwa ndi njovu kumeneko? Nanga akadzagwira mwana wa mlongo wanga akutchera khwekhwe, tidzayang'anana bwanji pamaliro?"

Mayi, mantha anu ndi omveka ndipo sindikunamizani kuti ngozi kulibe. Mu May 2019, msilikali wa ku Britain dzina lake Mathew Talbot anaphedwa ndi njovu ku Liwonde komweko ali paulendo wolondera limodzi ndi alonda athu. Anali munthu wophunzitsidwa, wokhala ndi mfuti m'manja. Njati yovulala, mvuu yomwe yatsekeredwa njira yobwerera kumadzi, munthu wopha nyama mozemba amene wagwidwa ali ndi mfuti kapena nkhwangwa, zonsezi mwana wanu adzakumana nazo. N'chifukwa chake pa 31 July chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira alonda a nyama omwe anafera pantchito.

Komabe funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna tikhalepo, chifukwa ndi lomwe limaonetsa ntchitoyi mmene ilili. Ana ambiri amaona yunifomu ndi mfuti n'kuganiza kuti ndi usilikali wa m'tchire. Mlonda wa ku paki ndi munthu wa lamulo. Lamulo la National Parks and Wildlife Act limamupatsa mphamvu yofufuza munthu, kulanda zida ndi nyama, ndi kumanga womuganizira. Mu 2017 lamuloli linakhwimitsidwa, moti wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Mu 2021 bwalo la milandu ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, mzika ya ku China, kuti akagwire ukaidi wa zaka 14 pa mlandu wokhudza nyanga za chipembere. Koma anthu omwe mlonda amakumana nawo tsiku ndi tsiku si akuluakulu oterowo. Ndi wotchera misampha yawaya, msodzi woponya ukonde pa Shire mkati mwa paki, wootcha makala, mayi wotola nkhuni. Ambiri ndi a m'midzi yoyandikana ndi mpanda, ndipo ena ndi abale enieni.

Chiyambireni bungwe la African Parks kuyendetsa Liwonde mogwirizana ndi boma mu 2015, alonda achotsa misampha yawaya yoposa 30,000 m'pakiyo. Waya sasankha. Wotchera amafuna nswala ya ndiwo, koma wayayo amadula chitamba cha njovu kapena mwendo wa mkango. Mwana wanu akadzaona zimenezi ndi maso ake, adzamvetsa chifukwa chake sangamasule munthu poti ndi msuweni. Mlonda amene wamasula wachibale lero, mawa amalandira ndalama kwa mlendo, ndipo anzake sam'khulupiriranso usiku ali m'tchire. Inuyo mayi, mukamulola, muvomerezenso mumtima kuti simudzamutumira uthenga woti "ameneyo ndi wathu, um'siye". Mukaona kuti simungathe, muuzeni akayese ku Nyika, Vwaza, Kasungu kapena Majete, kutali ndi kwanu.

Tsopano ndilankhule nawe mnyamata. Chingerezi chako chija ndi chimene chikundidetsa nkhawa kuposa njovu. Kugwira munthu ndi chiyambi chabe cha mlandu. Uyenera kulemba nthawi, malo enieni monga mwa GPS (kachipangizo kosonyeza malo pomwe uli), zomwe wam'peza nazo, ndi amene analipo. Katundu wolandidwa asungidwe mosasokoneza, woganiziridwayo aperekedwe kupolisi, ndipo malamulo oyendetsera dziko amati akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Pakapita miyezi udzaima pamaso pa majisitireti ngati mboni, loya n'kumakufunsa mokupanikiza. Lipoti likakhala losokonekera, munthu amene munam'tsata masiku anayi mukugona pansi amatuluka akumwetulira. Ndipo ukam'menya chifukwa cha mkwiyo, mlandu umatembenukira iwe. Ndaonapo anyamata amphamvu, othamanga ngati gwape, akulephera pa zinthu ziwiri izi: cholembera ndi kuugwira mtima.

Mbali ina ya ntchitoyi ndi ya ngozi zadzidzidzi, ndipo kawirikawiri imabwera usiku. Njovu zathyola mpanda wamagetsi, zalowa m'munda wa chimanga choti chikololedwe sabata yamawa, mudzi wonse wadzuka ndi miyuni ndi zitini. Mlonda amafika pakati pa nyama yolusa ndi anthu olusa, ndipo ayenera kubweza njovuzo popanda wina kupondedwa. Anthu a kufupi ndi Kasungu akuidziwa bwino nkhaniyi, makamaka kuchokera mu 2022 pomwe njovu 263 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde. Kukalowa maliro chifukwa cha nyama, amene amayamba kukalipiridwa ndi mlonda wovala yunifomu, ngakhale si iye anapanga chiganizocho. Palinso ng'ona zogwira otunga madzi, moto wolusa m'chilimwe pa udzu wa ku Nyika, mlendo wodzaona nyama amene wakomoka kapena galimoto yamugubuduzira kutali ndi chipatala, mnzako wolumidwa ndi njoka. Ku Chikwawa, komwe kuli Majete ndi Lengwe, madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadula misewu ndi milatho. Pa nthawi ngati imeneyo munthu amene ali ndi wailesi yolumikizirana, amene akudziwa njira za m'tchire ndi kuletsa magazi pabala, ndiye amadaliridwa.

Khomo lolowera lili pawiri. Nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife imalemba anthu ikalengeza, ndipo African Parks, yomwe ikuyendetsa Majete kuyambira 2003, komanso Liwonde ndi Nkhotakota, imachita nawo kusankha ndi kuphunzitsa alonda a m'malo amenewo. Zaka zobadwa ndi magiredi ofunika uziwerenge pa chilengezo chenichenicho. Posankha amayesa thupi kwambiri: kuthamanga, kuyenda mtunda wautali utasenza katundu, kupirira tulo ndi dzuwa. Atsikana nawonso amalowa, choncho makolo ena owerenga musawatsekereze. Wina akakuuza kuti upereke ndalama kuti dzina lako lilowe pamndandanda, ameneyo ndi wakuba.

Ngati ukufuna kudzakwera n'kukhala woyang'anira gulu kapena paki, ganizira za Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, kapena maphunziro a zachilengedwe ndi nkhalango ku LUANAR ndi ku Mzuzu University. Ena amayamba ulonda n'kumaphunzira pambuyo pake. Kwa iwe, ndikanakonda ulembenso Chingerezi kuti giredi ikwere, uphunzire chithandizo choyamba ku Red Cross, ndipo uyambe kuthamanga m'mawa uliwonse kuyambira tsopano.

Mayi, musanayankhe mwanayu, pitani naye kuchipata cha paki mukapemphe kucheza ndi mlonda amene wagwira ntchitoyi zaka zingapo. Mum'funse masiku omwe amakhala m'tchire osaona banja, zomwe zimachitika akavulala pantchito, ndi mmene anachitira tsiku lomwe anagwira munthu wom'dziwa. Mnyamatayo amve yekha mayankhowo muli pomwepo.