Kodi malipiro a ku Blantyre angandisunge ku Lilongwe?

Funso: Akundisamutsira ku Lilongwe koma malipiro ndi omwewo. Ndikakwanitsa? — Mayi wa ana awiri, Chilomoni

Yankho: Mayi, chimene chikakupwetekeni ndi mayendedwe. Lilongwe ndi mzinda wotambalala. Ine ndikukhala ku Area 25, ntchito ili ku Capital Hill, minibasi ndi kabaza zinkandidyera ndalama kuposa ndiwo. Ku Chilomoni, thumba likauma mumatha kuyenda wapansi mpaka m'tauni. Kuno mungatupe miyendo. Pezani nyumba kufupi ndi ntchito ngakhale lendi ikwereko, ndipo musadabwe eni nyumba akafuna ya miyezi itatu pakamodzi.

Za chakudya musade nkhawa. Chimanga ndi mtedza zimachokera pafupi, ku Mitundu ndi ku Mchinji. Kachewere ndi wa ku Dedza. Koma nthochi za ku Thyolo mukazisowa ndithu.