Mayi, ndende singamusiyitse chamba mwana wanu

Mayi wina wa ku Chamama, konkuno ku Kasungu, wandilembera pa imelo. Mwana wawo wamwamuna anagwidwa ndi timipukutu tiwiri ta chamba ndipo ali pa rimandi. Akufunsa kuti: "Kodi ndimusiye akhale komweko kuti aphunzirepo, mwina n'kusiya kusuta?"

Mayi, kutopa kwanu ndikukumva, koma musamusiye.

Ndende zathu n'zodzadza mosaneneka. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, mkaidi amene anasumira boma, khoti linagamula kuti kuthithikana kumeneku ndi nkhanza kwa munthu, n'kulamula boma kuti likuchepetse ndi theka m'miyezi 18. Mpaka lero akaidi ambiri amagona chokhala, mpweya wochepa, TB n'kumapatsirana. Mnyamata amene mutu wake wazolowera kale utsi, mukamuponya m'chipinda chotero pamodzi ndi mbava zokhwima, angatulukemo wochira? Chilakolako atuluka nacho, kuonjezapo mbiri yoipa yomulepheretsa kupeza ntchito.

Dziko la Portugal linasintha lamulo mu 2001. Wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ochepa, osapitirira omukwanira masiku 10, satengeredwa kukhoti. Amakaonekera ku kagulu ka anthu a zamalamulo, zaumoyo ndi zachisamaliro, amene angamutumize kukalandira chithandizo. Wogulitsa ndiye amamangidwa. Ife kuno wosuta ndi wozembetsa matumba kuchokera ku Nkhotakota timawatsekera chipinda chimodzi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, koma wosuta linamusiya pomwepo.

Vuto lina ndi mtunda. Malo odziwika othandiza anthu kusiya chamba ndi mowa ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha amisala ku Zomba. Mlimi wa fodya wodikira ndalama za ku okushoni angalipire ulendo umenewo kangati? Chithandizochi chiyenera kufika m'zipatala za m'maboma.

Pakali pano, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, kapena mufunse maparaligo, alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende, kuti akuthandizeni kupempha belo. Mlandu ukafika pa chigamulo, pemphani majisitireti kuti aganizire chilango chogwira ntchito m'dera, pa sukulu kapena pa chipatala, akugona kunyumba. Ngati ndi koyamba kupalamula, zimenezo zinenedwe momveka m'khotimo. Akangotuluka, sabata yomweyo mupite naye kwa namwino wa matenda a m'maganizo pa chipatala cha boma, ndipo bambo ake kapena amalume ake akhale nawo pa ulendowo.