Musanagulitse laputopu ndi disiki yakunja, fufutani motere

Achimwene, mwafunsa ngati kudilita mafayilo onse n'kupanga format kukukwanira musanagulitse laputopu yanu ndi disiki yakunja yomwe mumasungiramo zinthu. Ayi, sikukwanira, ndipo chonde musazipereke kwa wogula zili choncho.

Mukadilita fayilo, ngakhale mutakhuthula Recycle Bin, zomwe zinalembedwa pa disiki zimakhalapobe. Kompyuta imangochotsa dzina la fayiloyo pamndandanda wake n'kunena kuti malowo angathe kulembedwapo zina. Zili ngati kung'amba tsamba la zamkatimu m'buku, mitu yonse ikadali momwemo. Quick format nayonso imachita zomwezo. Aliyense amene ali ndi pulogalamu yaulere monga Recuva kapena PhotoRec atha kubweza zithunzi za banja lanu, makalata a kubanki, ngakhale chithunzi cha chiphaso chanu. Mu 2003 ofufuza awiri a ku yunivesite ya MIT ku America, Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat, anafalitsa zomwe anapeza atagula madisiki akale okwana 158. Mwa 129 amene ankagwira ntchito, 12 okha ndi amene anali atafufutidwa bwino, ndipo m'madisiki enawo anapezamo manambala a makadi a ngongole opitirira 5,000.

Poyamba koperani zonse zomwe mukuzifuna, ndipo mutsegule ena mwa mafayilowo pamene mwawasungirapo kuti mutsimikize kuti ali bwinobwino. Njira zomwe ndikuuzenizi sizibwezeka.

Kenako dziwani mtundu wa disiki, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa Windows tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, ndipo pa disiki iliyonse palembedwa kuti HDD kapena SSD. HDD ndi ija yokhala ndi timbale tozungulira m'kati. SSD ilibe chozungulira, imasunga zinthu m'machipu.

Ngati ndi HDD, ntchito n'njosavuta koma imafuna kudekha: muyenera kulemba maziro pa disiki yonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pa disiki yakunjayo, sankhani Format n'kuchotsa kachizindikiro kali pa Quick Format. Kuyambira pa Windows Vista, format yathunthu yotereyi imalemba maziro paliponse. Amene mumadziwa diskpart, pulogalamu ya Windows yoyendetsera madisiki polemba malamulo, mutha kugwiritsa ntchito lamulo la clean all, osati clean yokha, koma yang'anitsitsani nambala ya disiki musanadine Enter, chifukwa mukasankha ina, ndiyo imene ipite. Disiki ya 1TB imatenga maola angapo, choncho ilumikizeni kumagetsi n'kuisiya ichite zake.

Mudzamva ena akunena kuti muyenera kufufuta katatu, kasanu ndi kawiri, kapena ka 35. Za 35 zinachokera kwa katswiri wa zamakompyuta Peter Gutmann mu 1996, ndipo iye ankaganizira madisiki a nthawi imeneyo, amene ankalemba mosiyana ndi a lero. Malangizo a bungwe la NIST la ku America, a nambala 800-88, amavomereza kulemba kamodzi kokha pa HDD zamakono. Kwa munthu amene akungogulitsa katundu wake, kamodzi n'kokwanira. Kubwerezabwereza kumangokudyerani nthawi.

Disiki yomwe ili m'kati mwa laputopu simungaipange format Windows ikugwira ntchito pomwepo. Pitani ku Settings, pezani Reset this PC, sankhani Remove everything, kenako tsegulani Change settings n'kuyatsa Clean data. Ambiri amadumpha kagawo kotsirizaka, chikhalirecho ndi kamene kamafufutadi. Njira ina ndiyo kuika pulogalamu yofufutira disiki, monga ShredOS kapena DBAN, pa fulashi n'kuyatsira kompyuta pa fulashiyo, kungoti mukatero mudzafunika kuikanso Windows.

Pa SSD ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. SSD siilemba pamalo amodzimodzi kawiri motsatizana, imamwaza zolemba m'machipu onse kuti ena asathe msanga kuposa anzawo, ndiponso ili ndi malo apadera amene Windows siwaona n'komwe. Ndiye mukailembera maziro, pamatha kutsala tizidutswa m'malo obisikawo. DBAN sinapangidwire SSD, musavutike nayo. Chofunika n'kuuza disikiyo kuti idzifufute yokha kudzera mu lamulo lotchedwa Secure Erase, kapena Sanitize pa ma SSD a mtundu wa NVMe. Malaputopu ambiri a Dell, HP ndi Lenovo ali nalo mu BIOS (menyu yomwe mumalowamo poyatsa kompyuta, Windows isanatseguke), ndipo opanga ma SSD ali ndi mapulogalamu awo, monga Samsung Magician ndi Crucial Storage Executive. Nthawi zambiri zimatha m'mphindi zochepa, musadabwe nazo.

Mukalephera kulipeza, yatsani BitLocker, kapena Device encryption ngati ili pa Windows yanu, zomwe zimatseka zolemba za pa disiki kuti zisawerengeke popanda kiyi yachinsinsi, musankhe kutseka disiki yonse ngati yakufunsani, dikirani imalize, kenako pangani reset ija. Reset imataya kiyiyo, ndipo kiyi ikatayika, zotsalazo siziwerengeka. Ine ndimalangiza aliyense kuyatsa zimenezi tsiku lomwe wagula kompyuta, chifukwa zimamutetezanso ikabedwa, ndipo tsiku logulitsa ntchito imachepa kwambiri. Ngati laputopuyo ndi Mac ya chipu ya Apple kapena ya T2, Erase All Content and Settings imataya kiyi mwa njira yomweyi.

Musaiwale maakaunti. Tulukani mu Google, Microsoft ndi WhatsApp musanayambe kufufuta, chotsani laputopuyo pamndandanda wa zipangizo za akaunti yanu, ndipo yang'anani ngati mulibe memory card m'kabowo kake.

Disiki ikakhala kuti inafa ndipo kompyuta sikuiona, musaigulitse, ngakhale wogula anene kuti akungofuna zipangizo zake. Yakufa kwa inu itha kudzuka m'manja mwa katswiri. Itulutseni, muboole timbale take ndi drill malo angapo, mutateteza maso chifukwa timbale ta madisiki ambiri a m'malaputopu n'tagalasi ndipo timathetheka. Ya SSD muphwanye machipu enieniwo, maginito saichita kanthu.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu. Ikani Recuva, sankhani Deep Scan, muone ngati itulutse chithunzi kapena kalata yanu iliyonse yotseguka. Ikatulutsa, bwerezani kufufutako musanakumane ndi wogula.