Kuchoka ku Blantyre mpaka ku Livingstonia pa Sienta: yankho kwa bambo wa ku Ndirande

Bambo wina wa ku Ndirande watitumizira imelo. Ali ndi masiku 6 a tchuthi ndi galimoto ya Toyota Sienta, ndipo akufuna kuyendera matchalitchi akale ndi midzi ya m'mapiri kuchoka ku Blantyre mpaka kumpoto. Akufunsa ngati galimoto yotereyi ingakwanitse.

Achimwene, ikwanitsa, koma nkhawa yanu isakhale pa zitunda. Chimene chimapweteka anthu pa ulendo uwu ndi kutsetsereka.

Yambirani pakhomo pompano, pa St Michael and All Angels. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, mbusa amene sanaphunzire zomangamanga, ndipo njerwa zake ankaumba pamalo pomwepo. Imani pafupi ndi khoma muone kuti njerwazo si zamtundu umodzi: zina n'zozokotedwa, zina n'zokhota. Mukatero pitani ku Zomba, makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, mukagone mutakwera ku Ku Chawe.

Tsiku lachiwiri dzerani ku Liwonde, Balaka ndi Ntcheu. Mukagula mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu, pitirirani mpaka pokhotera ku Bembeke, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Dedza. Kukazizira kuno kumazizira ndithu, makamaka mu June ndi July, choncho ana asachoke kunyumba opanda majuzi. Chifunga cha m'mamawa chimaphimba msewu, dikirani chiyere.

Tsopano pamene pali nkhani. Kuti mufike ku Mua, mubwerera pang'ono mpaka pa Masasa n'kutsika msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti. Ndi wa phula, koma makona ake ndi othina ndipo mtsetse wake ndi wautali. Ambiri amatsika ali mu D, phazi lili pa buleki osalichotsa. Mapadi amatentha, mafuta a buleki amayamba kuwira, ndipo ukaponda phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Musanayambe kutsika, chotsani giya mu D muike yotsika, imene pa galimoto zina yalembedwa L kapena 2, pa zina B kapena S, kuti injini izikugwirirani. Ilira kwambiri, musaope. Buleki muziponda mwamphamvu kanthawi kochepa musanalowe pakona, n'kusiya. Mukamva fungo ngati chinthu chikupserera, imani pamalo otakasuka kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo musathire madzi pa madisiki otentha chifukwa amapindika. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi pakapita nthawi, n'chifukwa chake akale amawira msanga. Ngati adutsa zaka 2 osasinthidwa, kasinthitseni musananyamuke, makaniko aonenso mapadi.

Ku Mua musapite mothamanga. Mishoniyi inayambitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu zochuluka, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Theka la tsiku silikwana kwenikweni.

Kuchoka apo M5 ikufikitsani ku Salima ndi Nkhotakota, kumene kuli tchalitchi cha Anglican cha All Saints, momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895. Msewu wa m'mbali mwa nyanjawu uli ndi milatho yopapatiza ndi maenje, ndipo nthawi ya dzinja madzi amadula. Yendani pakati pa May ndi October, masana okha. Mukaona pothira mafuta pali mafuta, dzazani thanki ngakhale ili theka.

Pa Likoma galimoto sifika. Tchalitchi cha St Peter's cha pachilumbachi, chimene chinayamba kumangidwa mu 1903, chimafuna kuti musiye galimoto pa Nkhata Bay n'kukwera sitima, ndipo pa masiku 6 sizingatheke. Uwu ukhale ulendo wapawokha.

Mukadutsa Mzuzu mukumananso ndi mtsetse wa Chiweta, kumene malole amatsika pang'onopang'ono. Chitani zomwe zija ndipo musawadutse pakona. Pa Chitimba ndi pamene payambira msewu wa Gorodi, makilomita pafupifupi 15 a miyala ndi makona 20 okwera ku Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Sienta ili pafupi kwambiri ndi nthaka, ndipo mwala umodzi ukaboola sampu, oyilo yense amathera pansi. Isiyeni pamalo otetezeka pa Chitimba mukwere galimoto zamatola zimene zinazolowera msewuwo, kapena mufunse ku Rumphi za mmene njira ya ku Njakwa ilili sabata imeneyo. Pamwambapo muona Stone House, tchalitchi cha mishoni ndi mathithi a Manchewe.

Mungachite bwino kuwerengera masiku kuti Lamlungu likupezeni ku Bembeke kapena ku Livingstonia, mukamve kwaya m'nyumba zimenezi zitadzaza. Zithunzi mkati mwa mapemphero, yambani mwapempha.